Tisingano m'mafuta a mkwatibwi

Ndinaphunzitsa Physical Science kwa zaka 19. Ndayamba ndi mfundo imeneyi dala, kuti mukamaseka muzidziwa kuti amene mukumusekayo si mbuli. Ana a Folomu 3 amene anadutsa m'manja mwanga sindingawawerenge, ndipo aliyense ndinamujambulitsa mzere uja wokwera chitunda, wosonyeza kuti madzi akamatentha amameza mchere wa potassium nitrate wochuluka, akamazizira n'kuulavula. Ena ndinawagwaditsa pasimenti chifukwa cha mzere umenewu. Koma ndine yemwe ndinatsala pang'ono kupasula ukwati wa mwana wa alamu anga chifukwa choiwala mzere womwewo.

Mayi a kunyumba, Nabanda, amapanga mafuta odzola kuno ku Salima. Anayamba ndi ngongole ya banki mkhonde, mapoto awiri, kasikelo ka batire ndi kope lasukulu limene amalembamo chilichonse. Ukaionera patali ntchito yake ndi yophweka. Mu poto wina mumakhala madzi ndi glycerine, mu wina mafuta a mpendadzuwa, a malambe pang'ono, ndi phula loyera logula ku Lilongwe limene limayanjanitsa madzi ndi mafuta, adani achibadwire aja. Mapoto onse akafika pa madigiri 70 kapena 75 amawaphatikiza n'kutakasa ndi kamakina kam'manja mpaka zitayera ngati chambiko. Zonunkhiritsa ndi mankhwala oletsa kuvunda amathira pomaliza, kutentha kukatsika pansi pa madigiri 40. Nabanda sadziwa mawu oti emulsion ndipo sawafuna. Azimayi a kutchalitchi ndi a m'masaluni a pa Kamuzu Road amagula, n'kubweranso.

Nditapuma pantchito ndinadzipatsa udindo wa mlangizi wa zasayansi. Palibe anandipempha. Ndinkakhala pakhomo la khitchini ndi kapu ya tiyi, n'kumamufotokozera mayiyu chifukwa chake zimene akuchita kale zikutheka.

Chenjezo linabwera ndithu, koma ine ndinalitenga ngati mpata wolalikira. Tsiku lina batala wa shea, uja wochokera ku Ghana, anatuluka ndi timibulu ngati phala la mgaiwa wosasefa. Ndinaimirira n'kulongosola kuti batalayu si mafuta amtundu umodzi, koma angapo osakanikirana, ndipo akamazizira pang'onopang'ono olimba kwambiri amayamba kuundana paokha n'kusonkhana m'timagulu, ofewa n'kutsala m'mbuyo. Ndikulankhula choncho, Nabanda anali atabweza kale poto pamoto. Anasungunula zonse mpaka mbee, anazisiya zikutenthabe kwa mphindi zingapo kuti pasatsale kambewu n'kamodzi komwe, kenako anaviika potoyo m'beseni la madzi a ayezi akutakasa. Zinatuluka myaa. Njirayi inali kale m'kope lake kuyambira chaka chinacho.

"A Phiri," anatero, "tiyi wanu wazizira."

Chinthu chimodzi chokhudza timibulu ta shea muchisunge, chidzafunika kutsogoloku: ukatipaka pamkono timasungunuka tokha ndi kutentha kwa thupi.

Ukwati unali wa Loweruka loyamba la Julaye, ku Dedza. Mkwatibwi ndi mwana wa mlongo wake wa Nabanda. Kutatsala mwezi, nkhawa za ukwati zinamutulukira kumaso, ziphuphu pamphumi ndi pachibwano ngati chitsononkho, ndipo anaimbira azakhali ake akulira. Nabanda anaitanitsa ufa wa salicylic acid. Utafika ndinautenga paketiyo m'manja ngati mnzanga wakale. Ndinawauza mayi a kunyumba kuti dzinalo likuchokera ku Salix, dzina lachilatini la msondodzi, mtengo umene khungwa lake anthu akale ankachepetsera malungo; kuti Mtaliyana wina, Raffaele Piria, ndiye anaupatula mu 1838; kuti aspirin amene anapangidwa ku Germany mu 1897 ndi mwana wake weniweni. Ndinawonjeza kuti pankhope umalowa m'timabowo ta khungu n'kumasula khungu lakufa limene latseka njira ya mafuta, n'chifukwa chake ziphuphu zimaphwa. Ndinanenanso, ndi pakamwa panga pomwepa, kuti ku Ulaya ndi ku America mafuta akumaso ogulitsa wamba saloledwa kupitirira magalamu 2 pa 100 alionse.

Ndiye kunagwa maliro ku Nkhotakota. Nabanda ananyamuka Loweruka m'mawa, ndipo ali pakhomo anatembenuka.

"Musakhudze. Ndikabwera Lachinayi ndidzapanga ndekha."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinali nditawerengetsa kale. Asidiyu amafuna masabata kuti ntchito yake ioneke. Masiku asanu otayika ndi ziphuphu zingati pa zithunzi za ukwati? Ndinatsegula kope. Zonse zinalembedwa bwino: pa kilogalamu imodzi ya mafuta odzola, madzi magalamu 700, mafuta 200, phula ndi zina zotsalazo, asidi magalamu 20. Pansi pake panali mzere wodulidwa kawiri ndi bolopeni yofiira: sungunulani kaye mu propylene glycol. Ndinafufuza m'kabati monse, botolo lake munalibe. Linali lisanafike kuchokera ku Lilongwe. N'chifukwa chaketu mayiyu anati Lachinayi, koma ine zimenezo ndinazizindikira patapita sabata.

Chimene ndinaona tsiku limenelo ndi mawu awiri achingerezi pa paketi: oil soluble. Chosungunuka m'mafuta. Mafutawo ndinali nawo, magalamu 200 athunthu. Ndinaseka ndekhandekha kuti azimayi amangotsatira zolembedwa osafunsa, pamene munthu wodziwa chiyambi cha zinthu amatha kudumpha masitepe osafunikira. Ndipo poti nthawi inali itachepa, m'malo mwa magalamu 20 ndinayeza 30.

Ndinathira ufawo m'mafuta otentha pa madigiri 75 n'kutakasa. Pang'ono unasowa. Wotsalawo unangokhala pansi pa poto phee, ngati ufa woyera m'madzi ozizira. Ndinatakasanso. Unandiyang'ana.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaima. Potoyo anali kundiuza zoona zake zonse m'chilankhulo chimene ndinachiphunzitsa kwa zaka 19. Koma ine ndinawonjeza makala pambaula n'kukupiza ndi chivundikiro. Ndinathiramo madzi aja, ndinakupizabe mpaka zitayamba kubwadamuka m'mbali. Nthunzi yake inandikanda kukhosi, ndinatsokomola mpaka misozi, galu anatuluka m'khitchini. Koma nditasuzumira mu poto, ufa uja kunalibe. Ndinagonjetsa. Ndinatakasa ndi kamakina, ndipo poganiza kuti chinthu chabwino sichifuna kudzidzimutsidwa, ndinafunditsa potoyo thaulo kuti azizire mwaulemu, pang'onopang'ono. Zonse zimene Nabanda anachita pamaso panga ndi batala wa shea ndinazichita chagada.

Musaganize kuti anatuluka oipa. Akanatuluka oipa bwenzi nkhaniyi kulibe. Anatuluka oyera, osalala, onunkhira mandimu. Ndinapaka kuseri kwa dzanja, see. Ndinadzaza timabotolo 20 ta magalamu 50, ndipo pa mapepala omata ndinawonjeza ndi dzanja langa, pansi pa dzina la bizinesi ya Nabanda, mawu oti "Njira Yatsopano ya a Phiri". Lolemba m'mamawa katoniyo inakwera minibasi ya ku Golomoti, kumeneko n'kukwera ina yodutsa pa Khwekhwerere. Salima ali pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Dedza ali pa 1,600. Ndipo unali mwezi wa Juni, mwezi umene ku Dedza munthu umasamba mwa chikhulupiriro chokha.

Nabanda atabwera Lachinayi ndinamulandira ndi nkhani yabwino. Anamvetsera, anatsegula kabati, anayang'ana malo opanda kanthu a botolo lija, n'kutsekanso.

"Ooh," anatero. Basi.

Foni inalira Loweruka usiku. Anali alamu.

"Alamu, mwaikamo chiyani m'mafutamu?"

"Sayansi, alamu."

"Muli magalasi."

Ndinaseka mwachifundo. Ndinawauza kuti ndi timibulu chabe tobwera ndi kuzizira, apake pamkono tisungunuka.

"Apaka. Sitikusungunuka. Tikubaya."

Nabanda, amene ankamvetsera ali pamkeka, analankhula osakweza mutu: "M'mafuta amenewo mulibe shea, a Phiri."

Tsopano ndiulule mbali ina imene ndikanakonda kuibisa. Pa chinkhoswe cha mwanayu ndinalankhula mawu ena, mokweza kuposa mmene ndinkaganizira, oti mtsikanayo akanayamba wamaliza dipuloma yake, ndiponso kuti mnyamata amene ntchito yake imangotchedwa "timabizinesi" amafunika kumufunsa bwino. Akuchimuna anamva ndipo anasunga. Ndiye taganizani: munthu yemweyo watumiza mafuta okhala ndi dzina lake, mkwatibwi wagawira operekeza ake asanu ndi atatu, ndipo botolo limodzi, posonyeza ulemu, wakapereka kwa apongozi ake am'tsogolo. Mayiwo anadzola m'mawa ndi madzulo mokhulupirika. Pofika Loweruka masaya awo anali psuu, akusupuka ngati mbatata yowotcha.

Ankhoswe anaitanitsa bwalo Lamulungu masana.

Ndinavala suti, poganiza kuti munthu wa suti saganiziridwa zaufiti. Pa Khwekhwerere mphepo inayamba kulowa m'mabowo a mabatani, ndipo pofika ku Dedza mano anali kuombana okha. Anatilowetsa pabalaza podzaza anthu, mbaula ili pakati. Mayi ake a mkwati anakhala pakona atadzikulunga mpango mpaka m'maso. Botolo linayenda dzanja ndi dzanja ngati mbale ya chopereka, aliyense akusuzumira n'kupukusa mutu. Wina anati ndi magalasi a babu osinja. Wina anati ayi, umenewu ndi ubweya wa chitedze. Litafika kwa ine ndinatsegula.

Kunena zoona, anali okongola. Pansi pa chivundikiro ndi pamwamba pa mafutawo panamera tisingano toyera, towonda, tikunyezimira pa kuwala kwa pawindo, tina titapingasana ngati udzu wogwa ndi mphepo. Ndinatizindikira nthawi yomweyo. Tofanana nato ndinkatimeretsa mu labu ndi ana asukulu pogwiritsa ntchito benzoic acid, ndipo ana ankaombera m'manja. Mtima wa uphunzitsi unandidzukira. Ndinaiwala kuti ndine woimbidwa mlandu.

"Akuluakulu, ndipatseni kapu yachitsulo ndi poto wa madzi."

Ndinakokolera mafutawo m'kapu, ndinaimika kapuyo m'madzi owira pambaula, n'kumatakasa ndi sipuni anthu onse ali duu. Patapita mphindi zochepa ndinatunga pang'ono, ndinapaka pa sosala n'kuyendetsa kuti aliyense akhudze. Munalibe kanthu. Tisingano tonse tinali titasowa.

"Mwaona?" ndinatero, ndikutembenukira uku ndi uku monga ndinkachitira m'kalasi. "Magalasi sasungunuka m'madzi otentha."

Kunali zii. Kenako agogo ena akuchimuna, amene chifikireni sanayankhulepo, anachotsa fodya pamlomo.

"Ndiye kuti akaona mwini wake amabisala."

Pabalaza ponse panamveka kung'ung'udza kovomereza. Ndinayesa kufotokoza, koma mawu oti supersaturation sanathandize. Kwa anthu amene akukuganizira kale, liwu lalitali lachilendo limamveka ngati ukuitana mizimu. Kapu ija ndinali nditaiika pawindo, pamene pankalowera mphepo ya ku phiri. Tiyi atabwera n'kumwedwa, kamnyamata kena kanasuzumira m'kapumo n'kukuwa kuti abwerera. Analidi atabwerera, ndipo aatali kuposa poyamba.

"Wangotembenuka msana," anatero agogo aja.

Amene anandipulumutsa ndi munthu amene ndinalibe naye ufulu woyembekezera chifundo. Msungichuma wa komiti ya ukwati, mayi wachitsikana wovala juzi yobiriwira, anadzuka kumbuyo, anabwera kutsogolo n'kugwada mwaulemu.

"Aphunzitsi, mwandikumbukira?"

Ndinamukumbukira. Nthawi yomaliza kumuona atagwada inali pasimenti ya labu, chifukwa anajambula mzere uja chotsika. Tsopano amagwira ntchito m'famase ina pa boma pomwepo.

Anapempha pepala. Anandifunsa miyezo yonse pamaso pa anthu, ndipo ndinayankha ngati mwana wa Folomu 1. Ndiye anawerengetsa mokweza. Galamu imodzi ya asidiyu, anatero, imafuna mamililita 460 a madzi ozizira kuti isungunuke. M'madzi owira imangofuna 15. M'mafuta wamba ngati a mpendadzuwa imafuna pafupifupi 80. Ndiye madzi 700 anyamula galamu imodzi ndi theka. Mafuta 200 anyamula awiri ndi theka. Onse pamodzi ndi anayi. Tiwonjezere limodzi kapena awiri chifukwa cha glycerine ndi phula, tisawaumire mtima aphunzitsi.

"Inu munathira angati?"

"Makumi atatu."

"Mokweza pang'ono, aphunzitsi, akumbuyo sanamve."

Ndinayenera kudziwa kuti tsiku limeneli lidzafika.

Nkhoswe yakuchimuna, bambo amene ali ndi maminibasi awiri, ndi amene anayamba kumvetsa. Anawerama kuyang'ana pepalalo n'kuseka chamumtima.

"Ndiye kuti bambowa anapakira anthu 30 m'galimoto ya anthu asanu."

"Eya, bambo. Moto ndiye anali kondakitala wowapanikiza. Kukatentha amalowa onse. Kukazizira otsalawo amatsika, ndipo akatsika amagwirana manja n'kupanga tisingano timeneti. Akatsika pang'onopang'ono, monga m'poto wofunda thaulo, tisingano timakula. Ngakhale ku Salima akanatsika ndithu. Dedza wangowafulumizitsa."

Kenako anapita pakona, anagwada pafupi ndi mayi a mpango aja n'kuwafunsa za uchi wawo, ngati mwezi uno uli monga unalili mu Okutobala. Mayiwo anayankhira mumpango kuti wachita mchenga pansi, chaka chilichonse umatero, amangouika padzuwa. Nanga mafuta ophikira m'botolo? Amachita chifunga m'mawa. Pali amene anawalodza? Mayiwo sanayankhe, koma mpango unatsika pang'ono. Kusiyana kwake, anapitiriza mtsikanayo, n'kwakuti asidiyu payekha sasungunuka mpaka pa madigiri 159, ndiye khungu silingamusungunule. Kasingano kakakhala patsaya kamakanda, ndipo pamalo pamene kagonapo khungu limalandira asidi wosasungunula, wamphamvu ngati amene amawotchera njerewere. Anawauza kuti asiye kudzola, asambe ndi madzi ofunda opanda sopo wamphamvu, azipaka Vaseline yekha ndi kupewa dzuwa, ndipo ngati pofika Lachitatu sipakusintha apite kuchipatala. Pofika tsiku la ukwati masaya awo anali bwinobwino. Ena ankati anasalala kuposa kale, koma mfundo imeneyi sindinayerekeze kuitchula.

Chigamulo chinali chakuti si ufiti koma uchitsiru, ndipo ndinadabwa kuona mmene mawu amenewa anandisangalatsira. Anandilipiritsa mbuzi imodzi ya paphwando. Anandichotsanso pa mndandanda wa olankhula, ndipo chilango chimenechi ndicho chinandipweteka, chifukwa ndinali nditalemba kale masamba anayi.

Anthu akubalalika, ndinamupeza wophunzira wanga uja pakhonde. Ndinafuna kubweza ulemu wanga pang'ono, ndiye ndinadandaula za paketi. Analembapo okha kuti chimasungunuka m'mafuta. Si bodza limenelo?

Anati si bodza, koma ndi theka la chiganizo. Asidiyu amakonda mafuta kuposa madzi, n'chifukwa chake amatha kulowa m'timabowo ta mafuta pankhope. Koma mawuwo sanena kuti mafuta ake ati, ochuluka bwanji, pa kuzizira kotani. Mafuta si amodzi. A mpendadzuwa amanyamula pang'ono, Vaseline pafupifupi sanyamula n'komwe, pamene a nsatsi amanyamula kwambiri chifukwa pafupifupi magawo 9 pa 10 a mafuta amenewa ndi ricinoleic acid, amene ali ndi kadzanja kogwirira zinthu zonga asidiyu. Nsatsi! Zomera zokha kuseri kwa bafa kwathu. Propylene glycol amene ndinamudumpha uja ntchito yake ndi yomweyo, kuwonjezera mipando m'galimoto, osati kupanikiza anthu. Spiriti amanyamulanso kwambiri, galamu imodzi m'mamililita osakwana atatu, koma amauluka. Chivundikiro chikakhala chosatseka bwino, spiriti amapita, asidi n'kutsala pamtunda. N'chifukwa chake tisingano timakonda kuyambira pansi pa chivundikiro, pamene pamauma msanga. Ena amachepetsa ukali wa madziwo ndi sodium citrate kuti pH ifike cha pa 4, pamene mbali yaikulu ya asidi imasanduka mchere wosungunuka m'madzi mosavuta.

"Koma aphunzitsi, mukuwadziwa mafuta a Whitfield?"

Ndani sawadziwa? Aja a zipere, amene tonse tinapakidwa kumutu tili ana. Anati m'menemo muli asidi yemweyu magalamu 3 pa 100, ndi benzoic acid magalamu 6, onse pamodzi kuposa amene ine ndinathira, koma sabaya munthu. Chifukwa chake n'chakuti opangawo sayesa n'komwe kumusungunula. Amamusinja kukhala ufa wosalala kwambiri n'kuusakaniza m'mafuta ozizira. Ukangotenthetsa, ufa wosalala uja umasungunuka, ndipo pozizira subwerera monga unalili, umabwerera ngati singano. Ndiye njira zilipo ziwiri, kusungunula kotheratu m'chinthu chimene chingasunge ngakhale m'chisanu, kapena kusasungunula konse. Ine ndinapeza yachitatu, yapakati, imene m'famase amaphunzitsa chaka choyamba kuti ndiyo yoletsedwa.

Ananenanso china chimene chinandikhala mumtima njira yonse. Anati ndili ndi mwayi kuti zanga zinabaya, anthu n'kudziwa msanga. Mafuta oteteza kudzuwa ali ndi vuto lomweli: mankhwala ena otchinga dzuwa, monga avobenzone, ndi ufa umene amausungunula m'mafuta osankhidwa mwapadera, ndipo akalakwitsa muyezo umatulukanso. Ukatuluka sutchinganso mofanana pakhungu ponse. Munthu amadzola, amapita kumunda akudalira, dzuwa n'kumadutsa m'mipata. Anatchula achibale athu achialubino amene moyo wawo umadalira mafuta amenewa. Kumeneko kulibe agogo okuwa kuti muli magalasi.

Pobwerera Nabanda sanalankhule kuchokera pa Dedza mpaka kutsika Khwekhwerere yense. Pa Golomoti, tikudikira minibasi ina, anagula chimanga chootcha, anachithyola pakati n'kundipatsa mbali yaing'ono.

"Amati safunsa anadya phula," anatero. "Inu mwadyetsa anzanu."

Masiku ano ndili ndi ntchito yeniyeni m'bizinesiyi, yolembedwa m'kope. Nabanda akapanga mtundu watsopano wokhala ndi ufa uliwonse wosungunula, kaya asidi uja, kaya menthol, kaya ufa wachikasu wa coenzyme Q10 umene umasowa pa madigiri 50 koma n'kubwerera ngati timadontho tachikasu ukauchulutsa, amandipatsa timabotolo tinayi. Ndimalembapo tsiku. Kamodzi kamapita m'filiji, kena pashelefu, kena m'chitini pansi pa denga la malata pamene masana pamaotcha ngati uvuni. Kachinayi ndiko kovutika: usiku m'chipinda cha ayezi, masana panja, kasanu konse. Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu ndimatapa kadontho, ndimakafinya pakati pa timagalasi tiwiri tochokera mu labu yakale, n'kukayang'ana pa kuwala kwa tochi ndi galasi lokulitsira. Kakanyezimira kanthu ngakhale kamodzi, mtundu umenewo sutuluka pakhomo, chifukwa kasingano kamodzi ndi mbewu, anzake amamera pamenepo. Muyezo umene Nabanda amatsatira si umene poto wotentha walola, koma umene botolo la m'filiji lasunga, ndipo ngakhale pamenepo amachotsako pang'ono. Ndinamuuza kuti njira imeneyi ili ndi dzina lake lachingerezi. Anatsegula kope patsamba la zaka ziwiri zapitazo pamene analemba kuti "ikani limodzi m'filiji, dikirani," n'kundifunsa ngati dzinalo lingasinthepo kanthu.

Mwa timabotolo 20 tija, 19 tinabwerera ndipo Nabanda anatiponya m'chimbudzi chokumba ine ndikuona. Kotsalako sikanapezeke. Mu Seputembala foni yanga inalira, nambala yachilendo. Anali mayi ake a mkwati. Ndinaimirira, ngakhale sankandiona.

Anandipatsa moni wautali, anafunsa za kunyumba, za kutentha kwa ku Salima. Kenako anatsitsa mawu. Anati botolo lija sanataye, poti kutaya mphatso n'kulakwa. Anayesa kupaka ku zidendene, kumene zikang'a zinawavutitsa kuyambira kalekale moti nsapato zotsegula kumbuyo anazisiya. Tsopano mapazi ali ngati a khanda. Azimayi a mvano aona, ndipo asanu ndi awiri apereka kale ndalama.

"Koma tikufuna omwe aja, bambo. A magalasi aja. Musasinthe kanthu."

Ndinamva chifuwa chikufufuma pansi pa malaya. Ndinawauza kuti adikire pang'ono, n'kutembenukira kukhitchini. Nabanda anali ataima pakhomo ndi mthiko m'manja, atamva zonse. Anagwira chingwe cha kiyi wa kabati chimene chili m'khosi mwake, anachikweza kuti ndichione bwino, n'kuchilowetsa m'bulauzi.